Meshi ya Azakhali ndi Nsomba za Kumpoto

Ndinafika ku America ndi tsitsi lalifupi ngati la mnyamata. Kusukulu ya kwathu ku Ntchisi mtsikana aliyense ankameta, kuyambira Sitandade 1 mpaka Folomu 4, ndipo ine nditamaliza sukulu ndinangopitiriza kumeta chifukwa palibe anandiuza kuti ndisiye. Amalume, achimwene awo a amayi anga, ndi amene anandiitanitsa kuti ndidzaphunzire. Tsiku lomwe anadzanditenga pabwalo la ndege ku Indianapolis anabwera ndi akazi awo, omwe ndimawatchula kuti azakhali. Ndinali ndisanawaonepo. Ndinawapatsa moni nditagwira mkono, nditanyonyomala pang'ono, maso ali pansi. Iwo sanadikire kuti ndimalize. Anandivula chipewa n'kundisisita m'mutu.

"Mwanawe, anakumeta ndi chiyani? Botolo?"

"Sizasi, azakhali."

"Kuno kumazizira, mutu umenewu uuma. Tiliweta tsitsili."

Ndinati chabwino. Masiku amenewo chilichonse ndinkati chabwino.

Amalume ndi azakhali amakhala ku Beech Grove, m'nyumba yaing'ono ya njerwa yokhala ndi mtengo umodzi pakhomo. Amalume amayendetsa galimoto yonyamula odwala opita kuchipatala, azakhali amasamalira okalamba. Ali ndi mwana mmodzi wamkazi, msuweni wanga, wobadwira konko, yemwe amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi. Onse ankandisunga bwino kwambiri, koma ine ndinali wamanyazi. Pakudya tinkakhala patebulo, aliyense akuyang'anizana ndi mnzake, ndipo akandifunsa funso ndinkangoyang'ana mbale. Ndinkayankha kuti inde, kapena zikomo, n'kudzuka msanga kukatsuka mbale. Amalume ankati anaitanitsa mwana koma ndege inabweretsa chithunzi.

Tsitsi litakula moti n'kugwirika, azakhali ananditengera ku Lafayette Road, kusitolo ina komwe meshi imapachikidwa khoma lonse, kuyambira pansi mpaka kudenga. Anasankha okha. Anatenga yakuda yofiirira kunsonga n'kuiyerekeza patsaya langa.

"Iyi ndiye yako. Nkhope yako yafatsa kwambiri, ikufuna kamoto pang'ono."

Titafika kunyumba anaponya mtsamiro pansi, anandikhazika pakati pa mawondo awo, n'kuyamba kundiluka.

Ndi pomwe ndinazindikira kuti ndimatha kuyankhula. Ukakhala pakati pa mawondo a munthu nkhope yako imayang'ana kukhoma, palibe akukuyang'ana m'maso. Azakhali ankafunsa kuchokera kumbuyo, ine n'kumayankha khoma. Ndinawauza za mwendo wa amayi umene umatupa nthawi ya dzinja. Ndinawauza kuti masitepe oyenda okha a m'masitolo aakulu ndimawaopa, moti ndimazungulira kufunafuna masitepe enieni. Anaseka mpaka chipeso chinagwa, koma sanauze aliyense. Kuluka kunkatenga tsiku lonse. Pomaliza ankadula nsonga ndi sizasi kuti zifanane, n'kuziviika m'madzi otentha kuti zisamasuke, kenako ankandimenya kakhofi kapaphewa n'kunena kuti, "Pita ukadzione."

Nditayamba sukulu ku South Bend sizinathe. Mwezi uliwonse, Lachisanu lina, ndinkakwera basi kutsikira ku Indianapolis, ndipo Loweruka lonse ndinkakhala pamtsamiro uja. Zonse zomwe ndinkalephera kunena m'kalasi, m'basi, ngakhale pafoni ndi amayi, ndinkazisungira tsiku limenelo.

Chaka chachiwiri ndinapeza ntchito mulabu ya mphunzitsi wathu wina, mayi wachizungu wa imvi, wamtali, wosakonda zoyankhula. Tonse tinkangoti adokotala. Iwo amafufuza tizidutswa ta pulasitiki m'mimba mwa nsomba za kunyanja yakumpoto kwenikweni kwa dziko, komwe madzi amakhala oundana pafupifupi chaka chonse. Nsombazo zimabwera kamodzi pachaka, sitima yapamadzi ikabwerako, zili gwa ndi ayezi, iliyonse yokulungidwa m'pepala lachitsulo. Ndi zazing'ono, zambiri sizipitirira chikhatho, za maso aakulu ndi chibwano chotulukira kutsogolo ngati munthu wonyanyala. Adokotala anandiuza kuti m'magazi mwake muli zinthu zoletsa kuti asaundane, ndiponso kuti mbalame ndi zinyama zam'nyanja imeneyo zimadalira kansombaka. Kumeneko kulibe misika, kulibe majumbo okodwa m'mitengo ngati kwathu, koma mapulasitiki amafikakobe, atanyenyeka kale, atatengedwa ndi madzi ndi mphepo. Ntchito ya labu yathu inali kuwerenga tizidutswato chaka ndi chaka, kuti zidziwike ngati tikuchuluka.

Poyamba ndinkangotsuka magalasi ndi kuonerera. Kenako adokotala anaona kuti manja anga sanjenjemera, n'kundipatsa tebulo langa. Ndinkatulutsa nsomba mufiriji, kuidikira ifewe, kuiyeza kutalika ndi kulemera, kenako kuitumbula ndi kasizasi kachitsulo. Matumbo ndinkawaika m'botolo lagalasi n'kuthiramo mankhwala owasungunula. Pakapita masiku angapo m'botolo mumatsala madzi achikasu okhaokha. Madziwo timawasefa pakapepala koyera kozungulira, ndipo kapepalako timakaika pa maikulosikopu n'kumakayenda ndi diso pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, ngati ukupalira. Nsomba zambiri sizikhala ndi kanthu. Ina umaipeza ndi kaulusi kamodzi kabuluu, kochepa kuposa nsidze.

Ntchitoyi ndinkaikonda. Kwathu kumapiri nsomba tinkaidziwa youma, ya pamulu pamsika. Apa ndinkagwira m'manja nsomba yomwe inasambira pansi pa ayezi, kumalo komwe munthu aliyense wa m'banja mwathu sadzafikako. Ndisanaitumbule ndinkaipepesa chamumtima. Ndiponso mulabu munali zii. Palibe ankandifunsa mafunso, ndipo kukhala chete kunkatengedwa ngati khalidwe labwino.

Mulabu yotere mdani wamkulu ndi iwe mwini. Chovala chilichonse cha nayiloni chimathothoka timaulusi tosaoneka ndi maso, ndipo kamodzi kakagwera m'botolo ndiye kuti wainamizira nsomba kuti inadya zomwe sinadye. Choncho tinkavala za thonje zokhazokha. Adokotala atandiuza lamuloli ndinakafika kuchipinda kwanga n'kuwerenga tinsalu ta m'khosi mwa zovala zanga zonse, mpaka masokosi ndi zamkati ndinazipatula. Jekete ndinkaisiya panja pa chitseko. Ndipo pambali pa mabotolo timaika mbale yagalasi yokhala ndi kapepala konyowa, yopanda nsomba, yongokhala yasa. Ntchito yake ndi kugwira chilichonse chakugwa kuchokera mumpweya nthawi yomwe ukugwira ntchito. Ine mbale imeneyi ndinkaitchula kuti mlonda. Mlonda akakhala woyera, zomwe wapeza m'nsomba ndi za nsombayo. Akagwira kanthu, ndiye kuti zonse za tsiku limenelo n'zokayikitsa.

Tsiku lina m'nyengo ya chipale chofewa, nditangobwerako ku Indianapolis ndi meshi yatsopano, ndinapeza kachidutswa kofiirira pakapepala ka nsomba ina. Kanali kokhuthala, kodukira bwinobwino mbali zonse ngati kadulidwa ndi mpeni. Ndinasangalala chifukwa ndinali ndisanaonepo kotero, ndipo ndinakaitana adokotala. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati tione mlonda. Mwa mlonda munalinso tofanana nako.

Tinafufuza sabata yonse. Tinayang'ana nsalu zopukutira, zotsekera mabotolo, mpando, mpaka mpweya wochokera kudenga. Tinatsukanso magalasi onse. Tizidutswato tinkabwerabe, ndipo tinkapezeka masiku anga okha. Ndinayambanso kuwerenga tinsalu ta m'khosi mwa zovala zanga, ngati kuti tasintha usiku. Pomaliza adokotala anatenga kamodzi n'kukakaika m'makina omwe amauza mtundu wa pulasitiki. Atabwerako anandiitanira muofesi yawo n'kutseka chitseko, nkhope ili psuu. Anayankhula za kuzizira. Anandifunsa ngati basi ya mutauni imabwera panthawi yake, ngati ndikudya bwino. Ankayang'ana pawindo, padesiki, panyali, paliponse kupatula pamutu panga. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kuno mzungu amaopa kwambiri kunenapo za tsitsi la mkazi wakuda. Anthu awiri amanyazi tinakhala m'kachipindamo, aliyense akudikira mnzake. Kenako ananena chapansipansi kuti kachidutswako n'ka mtundu wa pulasitiki womwe amapangira mawigi ndi tsitsi loikirira.

Ndinagwira nsonga ya meshi paphewa langa. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanaganizepo kuti meshi ndi pulasitiki. Meshi ndi tsitsi, ndi momwe timanenera. Ndinali nditafufuza mpaka masokosi, mutu n'kuusiya.

Adokotala anati lamulo la zovala analipanga akuganiza za mitu ngati wawo, ndiye ine ndisadziimbe mlandu. Anatinso iwo sangandiuze chochita ndi mutu wanga. Ngati ndikufuna kusunga meshi andisamutsira pa kompyuta, ndizilowetsa manambala omwe anzanga apeza, ndipo ntchito ikhalapobe. Koma patebulo la nsomba sindingakhalepo. Mabotolo omwe ndinagwira masiku amenewo anawapatula, ndipo ndinkadziwa kuti nsomba zina zolowa m'malo mwake kulibe mpaka sitima idzapitenso.

Ndinapempha kuti ndiyese duku. Ndinamanga la thonje, kawiri, mothina mpaka mutu unkawawa. Mlonda anagwirabe. Tizidutswa ta nsonga zodulidwa tinali kale paliponse, m'khosi, m'malaya, pamtsamiro wogonera.

Nsomba ndinkazifuna, zimenezo sindinkakayika. Koma kumasula meshi kunali ngati kuwauza azakhali kuti ntchito ya manja awo ndi litsiro. Ndiponso popanda meshi, Loweruka ndikakhala pati? Tsitsi langa lenileni munthu akhoza kuliluka mizere madzi a tiyi asanawire. Ndinkadziona nditabwerera patebulo paja, ndikuyankha kuti inde ndi zikomo.

Kwathu nkhani yovuta sukamuuza wamkulu pamaso. Umadzera kwa wina. Choncho Lachisanu amalume atabwera kudzanditenga pasiteshoni ya basi, ndinawafotokozera zonse m'galimoto, ine ndikuyang'ana msewu, iwonso akuyang'ana msewu. Msuweni wanga anali pampando wakumbuyo, zomvera nyimbo zili m'makutu, ndiye tinkayesa kuti sakumva.

"Ndiye ukuti nsomba zikudya tsitsi lako?" anafunsa amalume.

"Ayi amalume, sizikudya. Zinafa kale. Tsitsi likugwera m'botolo."

"Nsomba zakufa."

"Inde."

"Ndiye zikudandaula chiyani?"

Ndinafotokozanso kuyambira poyamba. Anamva ndithu, amalume si munthu wosamva. Ankangozengereza.

"Ukudziwa kuti azakhali ako anakashopa kale dzulo? Meshi ili pasofa tikunena pano. Aswopa shifiti ndi mnzawo kuti mawa akhale ofu." Anapukusa mutu. "Za ukwati wako ndidzayankhula, ndine nkhoswe, sindiopa munthu. Koma za tsitsi, mwana wa mlongo wanga, ukundiponya pamoto."

"Chonde amalume."

"Chabwino. Ndiyambira patali. Iwe ungokhala chete."

Kukhala chete ndiye ndinkatha.

Pachakudya chamadzulo amalume anayambiradi patali. Anati kunja kwazizira, koma akuti kuli malo ena kumpoto komwe nyanja yonse ndi ayezi.

"Mwayamba liti za jogalafe, bambo ake?" anatero azakhali.

Amalume anapitiriza. Anati kumeneko kuli nsomba, ndipo nsomba zake n'zosafuna kusokonezedwa. Anati azungu ali ndi malamulo ambiri, ena omveka, ena osamveka, koma munthu ukakhala kwa eni umangotsatira. Anati m'moyo zinthu zimasintha, ndipo mwana akamakula makolo amayenera kupirira zina ndi zina. Azakhali anaika supuni pansi.

"Kodi wina ali ndi pakati m'nyumba muno?"

Amalume anatsamwa. Pamenepo msuweni wanga, osadzutsa n'komwe mutu pambale, ananena m'Chingerezi mosapumira kuti meshi ikugwera m'ntchito yanga, ndikapanda kumasula andichotsa pansomba, ndipo ndikuopa kunena chifukwa ndikuganiza kuti amayi ake alira.

Sanalire. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mbale.

"N'zoona?"

"Inde azakhali."

"Meshi yanga ikuwononga ntchito."

"Si kuti meshi yanu, azakhali, kungoti..."

"Ndi ya ndani? Analuka ndani?"

Anadzuka, anatola mapaketi a meshi pasofa, n'kukawaika m'kabati ya kuchipinda kwawo. Atabwerako anamaliza kudya n'kufunsa amalume ngati galimoto yathiridwa mafuta.

Loweruka sanandiitane. Anachapa makatani, anakolopa khitchini yomwe inali yoyera kale, ndipo mtsamiro unakhala pasofa tsiku lonse. Ndinawathandiza kupinda zovala, tinayankhula za sopo. Chakumadzulo anatenga makiyi n'kutuluka okha osanena komwe akupita. Msuweni wanga anabwera kudzandipepesa mwa theka. Anati akanawasiya bambo ake tikanafika Khirisimasi tili pa jogalafe. Ndinamuuza kuti pakamwa pake ndi pa wailesi, iye anati wailesi imathandiza anthu opanda mawu ngati ine.

Lamulungu kutchalitchi, komwe Amalawi ambiri a mumzindawo amakumana, amayi ena anandigwira meshi titatuluka.

"Mwezi watha koma ikadali ngati ya dzulo. Manja a azakhali akowa, iwe uli ndi mwayi."

Azakhali anangomwetulira pang'ono n'kumafunafuna chinachake m'chikwama. Apo ndi pomwe ndinaganiza kuti basi, nsomba zipite. M'galimoto pobwerera ndinalimba mtima n'kunena kuti, "Azakhali, ndipita pa kompyuta. Palibe vuto." Amalume anakweza wailesi.

Titadya masana ndinayamba kulongedza kuti ndikakwere basi. Ndili kuchipinda ndinamva mtsamiro ukugwa pansi.

"Bwera ukhale apa."

Ndinakhala. Anayamba kumasula kuchokera kunkhongo, chingwe chimodzichimodzi, n'kumaika meshi yakaleyo m'jumbo.

"Nsomba zakozo zimaoneka bwanji?"

Ndinauza khoma. Ndinanena za maso aakulu ndi chibwano chonyanyala, za magazi osaundana, za mbalame zomwe zimazidya, za kaulusi kabuluu kochepa kuposa nsidze komwe mwina kanathothoka pajuzi la munthu wa kudziko lina n'kuyenda ndi madzi mpaka pansi pa ayezi. Ndinawauza kuti ndimazipepesa ndisanazitumbule, chinthu chomwe ndinali ndisanauzepo munthu. Ndinafotokozanso za lamulo la thonje ndi za mlonda.

"Ndiye pali mbale yongokhala, ntchito yake kuneneza anthu?"

"Inde azakhali."

"Ngati msuweni wakoyu."

Msuweni wanga anakuwa ali kuchipinda kwake kuti wamva.

Anamasula zingwe zina zingapo. Kenako anafunsa, "Pa kompyutapo ukufunadi?"

Ndinangoyang'ana khoma. Anandikoka tsitsi pang'ono.

"Ndikufunsa."

"Ayi azakhali."

Kanali koyamba kuwauza kuti ayi.

"Ndiye m'galimoto umanamiranji?"

"Ndimaopa kuti tikasiya meshi, za Loweruka zitha."

Manja awo anaima pamutu panga.

"Iwe umayesa ndimaswopa shifiti chifukwa cha meshi? Msuweni wakoyu anandikana akadali kamwana, amati ndimakoka. Kuntchito ndimapesa agogo a anthu ena sabata yonse, ena amandiiwala ndisanamalize n'komwe. Wanga wokhala pansi apa ndiwe." Anayambanso kumasula, mofulumirirapo. "Meshi si nkhani. Meshi timataya mwezi ndi mwezi. Chandiwawa n'chakuti unadzera kwa amalume ako. Nthawi yonseyi umakhala pompano kundiuza za mwendo wa amayi ako, za masitepe ako aja, ndiye nkhani ya pamutu pako ukakaipereka kwa munthu wa dazi?"

"Ndamva," anatero amalume ali pampando wawo, maso ali pa TV.

"Mumayenera kumva."

"Pepani azakhali," ndinatero. "Ndimayesa ndi ulemu."

"Ulemu umenewo ukawachitire apongozi ako. Ine undiuze pompano."

Atamaliza kumasula anandisambitsa m'mutu pasinki, kawiri, n'kundipukuta m'khosi ndi kuseri kwa makutu ngati mwana wopita kusikelo. Anati zovala zanga zonse zilowe m'makina ochapira, ngakhale zomwe ndinali nditalongedza kale. Kenako anatulutsa m'chikwama kathumba ka kusitolo ya ku Lafayette Road. Ndi komwe anapita Loweruka madzulo. Munali ulusi wakuda wa mitundu iwiri.

"Ukuti thonje lokha?"

"Inde. Koma apa alemba kale kuti ndi thonje."

"Zolemba zimanama. Bweretsa machesi."

Anadula kansonga ka ulusi woyamba n'kukayatsa pamwamba pa mbale. Kanakwinyika n'kusanduka kampira kolimba, kununkha ngati jumbo lopsa. Ka wachiwiri kanayaka msanga n'kusiya phulusa lofewa, fungo lake ngati la pepala. Anati ndi momwe ankayesera zitenje asanagule.

"Uwu ndiye wa nsomba zako. Winawu amalume ako azisokera mabatani."

Anandimanga tsitsi ndi ulusi, monga ankawamangira akulu awo ali mtsikana. Analigawa timabwalo ting'onoting'ono, kalikonse n'kukakulunga ulusi kuchokera pansi mpaka kunsonga, kenako n'kukapinda kulumikiza ndi kanzake. Poyamba manja anali ataiwala, moti anamasula kawiri akudzinyogodola okha. Atafika pakati pa mutu anakumbukira, ulusi unayamba kulira pochita kuzungulira. Kumanga ndi ulusi kumawawa kuposa meshi, ndipo ndinawauza kuti akukoka. Anati tsopano ndayamba kulongolola, ndibwerere ku inde ndi zikomo.

Basi inandisiya. Amalume anadiraiva okha mpaka ku South Bend, akudandaula njira yonse kuti unkhoswe wa tsitsi sadzauyambanso.

Lolemba ndinalowa muofesi ya adokotala ndisanamange duku. Ulendo uno anandiyang'ana pamutu. Anati n'zokongola kwambiri, nkhope n'kufiiranso. Ndinawapatsa kachidutswa ka ulusi komwe azakhali anandikulungira m'pepala, ndipo anakakaika m'makina aja. Anapeza kuti ndi thonje. Anakasunga pakagalasi pafupi ndi maikulosikopu, kuti tsiku lina tikadzaona kaulusi kakuda tidzakhale ndi chofanizira. Ndinatsuka tebulo langa, ndinatsegula mlonda, n'kukatulutsa nsomba mufiriji. Sabata yonseyo ndinkayamba ndi mlonda ndisanayang'ane kapepala ka nsomba. Anali woyera.

Lachisanu ndinawaimbira azakhali. Anali kuntchito, ndinkamva agogo ena akuitana chapatali.

"Woyera, azakhali."

"Ndani?"

"Mlonda."

"Ayenera. Mutu ndinatsuka ndine. Ndikuimbira ndikaweruka."

Ulusi sukhalitsa ngati meshi. Pakapita masabata ochepa umayamba kumasuka, ndiye maulendo a ku Indianapolis anachuluka m'malo mochepa. Azakhali amadandaula kuti nsomba zakufa zawasandutsa wantchito wake, koma ndikamalowa pakhomo mtsamiro ndimaupeza uli kale pansi. Meshi yofiirira ija ikadali m'kabati. Amati ndi ya tsiku lomwe ndidzamalize sukulu, ndipo tsiku limenelo nsomba zifune zisafune, ndidzalukidwa mpaka m'chiuno.

Patebulo ndimayankhulako masiku ano, koma osati kwambiri. Zambiri ndimazisungirabe pamtsamiro. Akangogawa mzere woyamba ndi chipeso amafunsa kuti, "Mlonda wako akuti bwanji?" Ndimawauza za mlonda, kenako za nsomba ya sabata imeneyo, kenako zina zonse.